Fungo la pa Malaya a Atelala

Mkazi wa telala ankadzitama ndi mphuno yake. Ankati mkaka ukayamba kusasa kwa aneba, iye amaumva eni ake asanaumve. N'chifukwa chake tsiku limene amuna ake anabwera kunyumba akununkhira bulugama, sanafunse kanthu. Anangodikira kuti avule malaya, n'kuwatengera kuchipinda, kukawanunkhiza kuyambira pakolala mpaka m'khwapa.

Atelalawo anali akudwala chifuwa chiyambire nyengo yozizira. Chinabwera ngati chimfine, chimfinecho n'kutha, koma kutsokomola kunakana kusamuka. Makhololo osatha, pachifuwa polira ngati kamwana ka mphaka, ndipo kachitunda kopita kusitolo kumene ankasokera pakhonde sankakatha osaima. Kuchipatala anawayeza chifuwa chachikulu, osachipeza. Namwino anati ndi bronkaitisi, kutanthauza kuti tinjira ta mpweya topita m'mapapo tatupa. Anawapatsa kampope kopopera m'kamwa akabanika, n'kuwauza kuti azimwa zofunda zambiri. Makapisozi anawakaniza, ati chifuwa chamtunduwu sichimva makapisozi. Izi ndi zomwe atelala anafotokoza kunyumba. Mkaziyo sanapite nawo, tsikulo anali ndi oda ya makasitomala ake.

Ntchito yake inali yophika polishi wa pansi. Ankasungunula makandulo mumphika waukulu pambaula, kuthira palafini ndi utoto wofiira, kutakasa, kenako kugawira m'zitini. Mwini nyumba analetsa kalekale kuphikira zimenezi pabwalo poopa moto, choncho iye ankaphikira pabalaza, mazenera ali chitsekere kuti fungo lisamuulule. Polishiyo ndi amene anamupukuta misozi atachotsedwa ntchito kufakitale. Mumsewu monse ankamutchula Mayi Polishi, ndipo dzinalo linkamukomera kuposa lake lenileni.

Koma tsopano mtima wake sunali pamphika. Bambo amene kale ankaweruka dzuwa likadali mmwamba anayamba kufika litalowa. Lamlungu nalo ankatuluka, ati kukapitidwa mphepo. Chomwe chinkamuwawa kwambiri n'choti ankabwerako akupuma bwinobwino, nkhope ili ngwee. Munthu wodwala amachira kunja, osati pakhomo pake? Ndiye kuti kunjako kuli manja ena amene akumusisita pamsana.

Kenako kunabwera fulasiki.

"Fulasiki iyi ndi ya ndani?"

"Ya anzathu a kuntchito."

"Anzanu ake ati? Pakhonde paja mumasoka nokha. Kapena makina aja ayamba kuphika tiyi?"

Atelala anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, chifuwacho n'kuwapulumutsa pa funsolo. Mkaziyo anatsekula fulasikiyo. Munali jinja, mandimu ndi uchi. Uchi! Iye anali asanaganizepo zowagulira, ndipo izi zinamupsetsa mtima kwambiri kuposa zonse. Potseka ndi pamene anaona chivundikirocho: chong'aluka pambali, chomangidwa ndi kamphira. Anachidziwa. Anachigwetsa ndi iye mwini tsiku lina, kukhitchini kwa akulu ake obadwa nawo bere limodzi.

Anaika fulasikiyo pansi. Akanakhala mkazi wa mumsewu, bwenzi akuti ndi za m'dziko. Koma asisi ake enieni, omwe amamwetulira akamamupatsa moni, omwe masiku ano sabweranso kudzacheza! Anayamba kulumikiza zinthu, ndipo munthu akanyumwa chilichonse chimalumikizika: foni imene asisiwo sanayankhe tsiku lina, diresi limene atelala anawasokera mwaulere, ngakhale moni wa alamu ake, amuna a asisiwo, anamumva ngati wa munthu wopusitsidwa mnzake.

Mmawa mwake sanayatse mbaula. Masana anakabisala kuseri kwa lole yomwe inaima moyang'anana ndi sitolo, chitenje atafunda kumutu ngati kukugwa mvula. Anaona amuna ake akuphimba makina, n'kutsika ndi njira yodzera kumjigo, njira yomwe iye ankaidziwa ngakhale atatsinzina. Anawatsatira chapatali mpaka kwa akulu ake, n'kuwasiya alowe. Anawapatsanso kanthawi, kuti powapeza pasakhale zokana.

Chitseko sanagogode.

Pakati pa balaza panali munthu atakhala pampando, atawerama, thaulo litamuphimba mutu. Pansi pa thaulo panali beseni la madzi otentha ndi masamba a bulugama, nthunzi ikutuluka m'mbali. Alamu ake anaima pomwepo atanyamula ketulo. Asisi ake anali pamkeka akusenda jinja.

"Alamu, takulandirani," anatero bamboyo, ketulo ili m'manja. "Mwabwera ndi liwiro, kwagwanji?"

Thaulo linavundukuka. Atelala anatulutsa nkhope yonyowa, maso ofiira, ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

Mawu onse amene Mayi Polishi anakonza munjira analibe pogwera, koma anawatulutsabe. "Ndiye kwanu ndi kuno tsopano? Kwathu kulibe madzi? Kulibe beseni? Asisi, mwamuna wanga mwamutsekulira chipatala ine osadziwa?"

"Iwe, takhala pansi," anatero akulu akewo osasiya kusenda. "Alamu, muuzeni. Mukapanda kutero ndimuuza ndine, ndatopa kubisa."

Atelala anayang'ana m'beseni. "Namwino uja ananenanso china. Anandifunsa ngati ndimasuta, ndinati ayi. Anafunsa ngati kunyumba kuli utsi kapena fungo la mankhwala. Nditamuuza za mphika uja anati tinjira timeneti sitingapole ndikamapumabe zimenezo. Ati kampope ndi uchi zingondipepuza, koma chikapitirira chidzakhazikika, ndidzakalamba nacho."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ndikuuzeni kuti chiyani, mayi? Kuti musiye? Ndinakuonani mmene munalili atakuchotsani ntchito, kugona masana, osadya. Ndinati bola ndizidikira kuno mpaka mphika uzizire."

"Nanga inenso bwanji sindibwera kwanu?" anawonjezera asisiwo. "Ndikachokako mutu umandiwawa mpaka mawa lake."

Mwamanyazi ndi chisoni, Mayi Polishi anatuluka osatsanzika.

Kunyumba anatsekula chitseko, n'kuima. Anali atakhala maola angapo kunja, mphuno itapumula, ndipo kwa nthawi yoyamba anaimva nyumba yake. Palafini anamumenya kumaso. Anali m'makatani, m'mipando, mubulangete, papilo ya amuna ake. Anatenga malaya aja pamsomali n'kuwanunkhizanso. Bulugama anali atauluka kale. Fungo lomwe linatsala, lomwe linalowerera mpaka mu ulusi, linali lake.

Anakankha mazenera, ena mpaka kuchita kuwamenya ndi chigongono poti anali atamatirira. Anatulutsa makatani, matiresi, mapilo. Pomaliza anakoka mphika uja, n'kuuvundikira pakati pa bwalo, poonekera. Mwini nyumba anauona ali pakhonde pake, natsekula pakamwa, koma ataona nkhope ya mayiyo anatsekanso.

Dzuwa lisanalowe atelala anatulukira pageti, fulasiki ili m'khwapa. Anayang'ana katundu ali mbwee pabwalo, anayang'ana mphikawo, n'kuyamba kulunjika kukhomo.

"Musalowe kaye," anatero mkazi wawo, akuwaikira mpando panja. "Khalani pano mupume. Uchiwo amagula kuti?"