Soseji m'jekete la a Orest

Loweruka lina mu Okutobala, masamba a m'nkhalango atasanduka achikasu, a Orest Pawluk anatitenga anthu asanu kukaona mbalame kutsinde kwa phiri. Mkuluyu adapuma pantchito ya uphunzitsi, koma ukali wa m'kalasi sadausiye kusukulu.

"Pakamwa potseka!" anatero tikutsika m'galimoto. "Ndipo aliyense wodyetsa mbalame, kobwerera ayenda pansi."

Mnzanga Gisèle, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi koma wamwano ngati kamwana, anangonditsina.

Tinayenda maola awiri m'chisanu, mphuno zikuchucha. Atsekwe ankadutsa m'mwamba kulowera kumwera, koma a Orest ankafuna kadzidzi wamkulu wotuwa basi. Ukangotsokomola, diso lake!

A Orest ataima n'kuloza magalasi awo oonera patali pamtengo wa paini, Gisèle anatulutsa soseji ya adyo, nainyemanyema n'kuithira m'chipewa cha jekete lawo chimene chinkalendewera kumsana.

Posakhalitsa zinafika mbalame zotuwa zimene timazitcha mbava za pamsasa. Imodzi inatera paphewa pawo, ina pamutu penipeni. A Orest anauma gwa, maso ali mwaa.

"Mukuona?" ananong'ona. "Zaka makumi atatu ndikuphunzira kuima chonchi. Mbalame imadziwa munthu wodekha."

"Zoonadi aphunzitsi, muli ndi mphatso," anatero Gisèle, misozi ya phwete ikutsika.

Mwatsoka panatulukira mlonda wa nkhalango, mtsikana wamtali wa yunifolomu yobiriwira. Anaima, nanunkhiza.

"Bambo, mukudziwa kuti kudyetsa zamoyo muno n'koletsedwa?"

"Ine? Iwe Tannis, si ndine ndidakuphunzitsa zimenezo m'kalasi?"

Tannis anapisa dzanja kumsana kwawo n'kutulutsa kachidutswa ka soseji. "Nanga aka? Zimbalangondo sizinayambe kugona tulo tawo ta m'nyengo yachisanu, aphunzitsi. Mukufuna nazonso zikutereni paphewa?"

A Orest anatembenuka pang'onopang'ono. Tonse asanu tinali titaloza magalasi kumwamba, kumene kunalibe ngakhale khwangwala.

Pobwerera tinafika pamphambano ya msewu waukulu. Pamenepo a Orest anaimitsa galimoto, natambasula dzanja osacheuka.

"Gisèle, yotsalayo bweretsa. Njala yandipha."

Anaidya yonse okha, ife tikumeza malovu.