Mpando wa Pawindo

Mtsikana wa pakauntala ya pabwalo la ndege anatsegula pasipoti ya amayi tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, kenako n'kuyambiranso. Munthu sawerenga kawiri chinthu chomwe chili bwino.

"Viza inayo ili kuti?" anafunsa.

"Ndi imene mwatsegulayo," ndinawayankhira amayi. Viza imeneyo ndinaikhetsera thukuta masabata asanu. Mlongo wanga, yemwe kwathu timangomuti Anesi chifukwa cha ntchito yake ya unesi, anali gone m'chipatala kunja, kudikira opaleshoni yochotsa chotupa m'mutu Lachisanu m'mawa. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asanamugoneke amayi akhale pambali pa bedi.

"Iyi ndi ya kumene akupita," anatero mtsikanayo. "Ndikunena ya dziko lomwe akasinthire ndege. Tikitiyi akatsikira bwalo lina n'kukakwerera bwalo lina mumzinda womwewo. Akangotuluka panja, ndiye kuti alowa m'dziko la eni ake."

Tikitiyo ndinasankha ndine, pafoni, ndikudziona wochenjera. Inalipo ina yodikira maola khumi ndi awiri pabwalo limodzi, koma ndinaganizira miyendo ya amayi, yomwe imatupa akakhalitsa. Ndinatenga ya maola anayi. Ndinachita kuwalembera pakapepala nambala ya basi yopita kubwalo linalo, ndi zilembo zikuluzikulu.

"Nanga pogulitsa tikiti bwanji simunanene?" ndinatero, mawu atayamba kukwera. "Pamene paja munali duu, malamulo mwawadziwa lero?"

Mtsikanayo anaitana bwana wake, bambo wina wa tayi yofiira. Iye anapempha foni yanga, n'kutsetsereka ndi chala mpaka pansi penipeni pa uthenga wa tikiti, pa timalemba tonga nyerere.

"Apa munachonga kuti mwavomera, achimwene. Za mapepala n'za wokwera. Ife chathu ndi mpando."

"Ndiye apatseni mpandowo."

"Tikawakweza, uko akawabweza ndi ndege yomweyo. Kampani akailipiritsa, ndipo mwanayu ntchito imuthera. Mungakonde mayi anu akasungidwe m'kachipinda ndi apolisi?"

Sanali munthu woipa, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndinkafuna woti ndimulalatire. Anakhala pakompyuta nthawi yaitali, kusaka njira ina. Ndege yodikira maola khumi ndi awiri ija inali itadzaza. Mpando woyamba unkapezeka Loweruka, ndipo apa n'kuti lili Lachitatu. Viza ya podutsayo, anati, imatenga masiku khumi ikafulumira.

Ndinachonderera. Ndinatulutsa kalata ya kuchipatala, iye n'kuiwerenga yonse mwaulemu, n'kuipinda bwinobwino momwe inalili, n'kundibwezera. Sutikesi ya amayi inatsitsidwa pasikelo. Anthu apamzere anayamba kutilambalala, aliyense maso ali pa pasipoti yake.

Tinakakhala pamipando yachitsulo pafupi ndi khomo. Amayi anali chivalire chijekete chomwe alamu, amuna a Anesi, anawauza kuti agule poti uko kukuzizira. Thukuta linkatsika m'khosi koma sanachivule. Ndinkachita mantha kuwayang'ana.

"Amayi, ndalakwitsa ndine."

"Umaganizira miyendo yanga," anatero, akusisita bondo. Kenako anawonjezera motsitsa, osati mondidzudzula: "Maola khumi ndi awiriwo ndikanakhala, ngakhale choimirira."

Bola akanandimenya khofi.

Chimkuzamawu chinaitana okwera ndege ya amayi ija kuti alowe. Nthawi yomweyo foni inalira m'manja mwanga, dzina la Anesi lili pagalasi. Ndinawapatsa amayi, iwo n'kuilandira ndi manja awiri.

"Tili pabwalo la ndege, mwanangu," anatero. Anamvetsera pang'ono. "Usaope. Iyayi, usaope." Kenako anaikanikiza foniyo pachifuwa, n'kundiyang'ana koyamba chichokereni pakauntala paja.

"Umuuze ndiwe. Ine pakamwa pakana."

Ndinaiika pakhutu. Mawu a mlongo wanga anali ofooka, koma ankamveka kuti akumwetulira.

"Achimwene, mwagwira ntchito, zikomo. Koma mwawapezera mpando wa pawindo? Paja sanakwerepo ndege, aoneko mitambo."

Mpando wa pawindo ndinali nditawapezera.