Basiketi Yosadzaza

Ndathyola tiyi pa esiteti ino zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pa mawu onse a Chingerezi amene ndinatolera m'mundamu, amene ndinkadana nawo kwambiri ndi akuti light. Ukafika pa sikelo ndi basiketi yako, a Lackson, kalaliki wathu, ankaikoleka n'kuyang'ana muvi. Muvi ukakana kukwera, ankakuwa kuti “Light!” mokweza dala kuti mzere wonse umve. Anzako ankaseka, kapitawo n'kulemba dzina lako m'kabuku. Dzina likalembedwa katatu, unkayamba kugona ndi mantha.

Ine mawu amenewo sankagwera pa ine kawirikawiri. Basiketi yanga inkalemera, mandasi anga ankalemeranso. Tsiku la malipiro ndinkakazinga mandasi n'kumagulitsa pachipata, ndipo anthu ankati ukadya awiri a Teleza, masana amakupeza usanaganize za chakudya. Ndinkanyadira zimenezo, sindibisa.

Kenako bondo linandipereka. Ndinaterereka pamtsetse m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, basiketi yodzaza ili kumsana. A ku chipatala analemba kuti ndisasenzenso katundu. A ku ofesi nawo analemba yawo kalata, yaifupi bwino: wopanda ntchito pa esiteti atuluke m'nyumba ya esiteti pakutha pa mwezi. Nyumbayo ndi nambala 14 ku malaini, chipinda chimodzi ndi pabalaza, mmene ndimakhala ndi mwana wanga Lisa ndi amayi anga. Anthu amati “bwererani kumudzi” ngati aliyense ali ndi kumudzi. Agogo anga anachoka ku Mozambique wapansi n'kufikira pa esiteti pompano. Amayi anabadwira m'malaini momwemu, bambo anga agona kumanda a esiteti. Tikatuluka pachipata, kumanja si kwathu, kumanzere si kwathu.

Kutatsala sabata imodzi, Madamu, akazi a bwana manejala, ananditumizira mawu. Khukhi wawo anali atapita, ndipo anamva mbiri ya mandasi anga. Ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi, n'kukwera chitunda cha kunyumba ya bwana pang'onopang'ono, bondo likundinyoza njira yonse.

“A Teleza, ndikuyesani masiku atatu,” anatero Madamu. “Abwana amakonda mandasi, koma adokotala awaletsa mafuta, BP yakwera. Ndiye tipangira umu. Ndikufuna mandasi a light. Mukalephera, pali mtsikana wina wa ku Limbe ali ndi certificate, abwera Friday.”

Anandilozera chinthu chakuda chili patebulo, chonga ndowa yovundikira, chingwe chake chili kukhoma. Anati dzina lake ndi eyafulaya, ndipo imakazinga ndi mphepo yotentha, mafuta osafunika. Anakoka chogwirira, panatuluka kachotengera ka mabowomabowo.

“Iyi ndi basket yake. Mukaika umu, mutseke, mupotoze apa. Ikamaliza ilira.”

Ndinangoti chabwino Madamu, koma mumtima ndinali kuseka mowawa. Basiketi yandithyola bondo kumunda, yanditsatiranso kukhitchini. Ndipo munthu wamkulu, wophunzira, waimirira pamaso panga kupempha light ngati chinthu chabwino!

Lolemba ndinaganiza monga woganiza pa sikelo. Chinthu chikafuna kupepuka, uchichepetse. Ndinakanya ufa ndi mphamvu zanga zonse, monga ndimachitira kwathu, n'kuumba timandasi tating'ono. Ndinadzaza basiketi ija mpaka pakamwa, ndinakanikizako ndi chikhatho kuti itsekeke. Makina analira, ndinatsegula, ndipo ndinapeza chimulu chimodzi chomatana, chakuda pamwamba, chachiwisi pansi. Tomwe ndinapulumutsa tinali ngati miyala ya legeni. Madamu analuma kamodzi, anagwira dzino.

Lachiwiri ndinati mwina yisiti wachepa. Ndinathira masupuni atatu, ndinawonjezera dzira ndi mkaka. Ufa utangoyamba kufufuma ndinaukanyanso kuti ugwirane, chifukwa manja angawa sakhulupirira chinthu chofewa. Basiketi ndinaidzazanso. Zotuluka zake zinanunkha ngati masese, ndipo galu wa abwana anazinunkhiza n'kubwerera pamthunzi.

“Too heavy,” anatero Madamu, akupukuta zala. “Mawa ten koloko kubwera alendo a ku head office. Ndi mwayi wanu womaliza, a Teleza. Ine ndilibe nanu chifukwa, koma abwana sangadye izi.”

Nditafika kunyumba madzulo amenewo ndinapeza amayi atamanga kale mitolo iwiri. Umodzi wa mabulangete, wina wa mapoto. Maso awo saonanso bwino, koma nkhope yanga anaiwerenga ndi makutu, mmene ndinakokera mwendo pakhomo. Lisa anandifunsa ngati kumene tikupitako kuli sukulu, popeza mayeso a Sitandade 8 atsala pang'ono. Ndinamukalipira kuti akatunge madzi, chonsecho mtsuko unali wodzaza. Kenako ndinachita manyazi.

Lachitatu ndinafika sikisi koloko, nkhungu idakali pa tiyi. Madamu ananditulutsira paketi imodzi ya ufa, anati ndi womaliza m'nyumbamo. Ndinasakaniza ufa, shuga, yisiti supuni imodzi, mkaka wofunda, dzira ndi kamajarini. Ndinaugawa pawiri. Theka lina ndinalisiya m'beseni pawindo, ndinavundikira ndi nsalu, kuti ndiyambe ndayesa ndi linzake. Ndinapemphera pa makinawo, inde, ndinapempherera ndowa ya magetsi, munthu wobatizidwa ine. Ndinaumba, ndinadzaza, ndinatseka.

Anatuluka chimodzimodzi.

Pamenepo madzi anafika m'khosi. Ndinakhala pansi pa simenti, msana kukabati, basiketi yotentha ili pambali panga, n'kuyamba kulira. Sikunali kulira kwaulemu kwa m'nyumba ya bwana ayi, kunali kulira kwa pamaliro, mamina ndi misozi pamodzi. Ndinkaona mitolo ya amayi ili pamsewu wa ku Bvumbwe, ife titakhala pamwamba pake, maminibasi akutiimbira hutala ngati tili ndi kopita. Sindikudziwa kuti ndinakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji.

“Amake Lisa, kwagwa maliro?”

Anali a Fabiano, atasuzumira pawindo, sizasi yodulira maluwa ili m'manja. A Fabiano anali kapitawo wanga zaka khumi ndi ziwiri. Atakalamba anawapatsa ntchito yosamala maluwa a bwana, koma pakamwa sipanakalambe. Dzina langa analilembapo m'kabuku kawo kawiri, ndipo sindinaiwale. Pa anthu onse a m'Thyolo, iwowa ndi amene sindinkafuna kuti andione ndili chonchi.

“Pitani kumaluwa kwanu, a Fabiano.”

Sanapite. Anatalikitsa khosi, anayang'ana basiketi ija pansi, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

“Aaa, koma inu simusintha! Mwayambanso kutsendera? Zaka twelofu ndakhala ndikukuwa kumunda, osatsendera, osatsendera, tsamba lipume! Mwabwera nazonso kuno?”

Ndinafuna kuwagenda ndi limodzi la mandasi aja, ndipo likanawavulaza. Koma dzanja linaima m'njira. Aliyense wothyola tiyi amadziwa nkhondo imeneyi. Ife timalipidwa pa kilo, ndiye timakanikiza masamba m'basiketi kuti alowe ambiri. Kapitawo amaletsa, chifukwa tsamba lopanikizika limasowa mpweya, limatentha lokha, limafiira, ndipo ku fakitale amalikana. Ine ndinali katswiri wa kutsendera a Fabiano akayang'ana kumbali.

“Madamu anati chimakazinga ndi chiyani chinthuchi?” anafunsa.

“Ndi mphepo.”

“Nanga mphepoyo idutsira pati, mwatseka ponseponse?”

Anabwerera kumaluwa kwawo akupukusa mutu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale munthu amene unalumbira kuti sudzamupatsa moni.

Ndinadzuka, ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Naini koloko inali itadutsa ndi mphindi zisanu. Ndinavundukula beseni la pawindo lija, n'kudzidzimuka. Nthawi yonse imene ndinali kulira, ufa uja unali pakadzuwa popanda woukhudza, ndipo unali utafufuma mpaka kukankha nsalu. Manja anga anapita okha kuti akaukanye. Ndinachita kuwabweza, ndinawaika kumsana ngati mwana woletsedwa shuga.

Ndinautsanulira pa tebulo mosamala, ndinautambasula ndi nsonga za zala, monga timagwirira masamba awiri ndi kansonga kake. Ndinadula ndi kamwa ya kapu. Panatuluka khumi ndi asanu ndi limodzi. Lililonse ndinalipaka timafuta ndi chala, tongonyezimiritsa. Kenako ndinaika anayi m'basiketi, lina apa lina apo, osakhudzana.

Anayi okha! Pansi pa basiketi pankaoneka. Thupi langa lonse linakana. Wothyola tiyi sapita ku sikelo ndi basiketi yoonekera pansi, bola kudwala. Ndinagwira lachisanu, ndinaliyandikiza, ndinalibweza. Ndinatseka msanga ndisanasinthe maganizo.

Mphindi zisanu ndi zitatu zimenezo ndinaima chilili, thukuta lili kamukamu, ndikumvetsera makina akupuma. Atalira ndinakoka chogwirira nditatsinzina. Fungo ndi limene linayamba kundiuza. Anali ofiirira bwino mbali zonse, otukuka, ozungulira. Ndinanyamula limodzi ndipo mtima unagwa, chifukwa dzanja langa limadziwa kulemera kwa chinthu, ndipo ili linalibe kanthu. Ndinalibenthula. Mkati munali timabowo tokhatokha, nthunzi ikutuluka. Sindinadziwe ngati ndapambana kapena ndawonongeratu ufa womaliza.

Nthawi yoganiza panalibe. Ndinaika ena anayi, kenako ena anayi. Maulendo anayi ndi basiketi yosadzaza, ntchito imene kumunda akanandiseka nayo chaka chathunthu. Ulendo wachitatu uli mkati ndinamva galimoto pachipata, zitseko zikumenyedwa, abwana akuseka ndi alendo pakhonde. Womaliza unatuluka Madamu akulowa m'khitchini.

Sanandiyang'ane. Anayang'ana mbale. Anatola limodzi, analiyeza m'chikhatho, kukweza ndi kutsitsa, ndendende mmene a Lackson ankachitira asanakoleke basiketi. Analuma. Kenako anakweza mawu.

“Light!”

Mutu wanga unkadziwa kuti ndi zimene ankafuna. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sizimva za mutu. Ndinapezeka ndagwada pa bondo lomwe lovulalalo, manja ali pamodzi.

“Chonde Madamu, musandilembe dzina. Mawa ndidzaza.”

Madamu anasiya kutafuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti panthawiyo ndi pamene anandiona koyamba.

“Dzukani, mayi, mupweteka bondolo,” anatero motsitsa mawu. “Musadzaze chilichonse. Mupange chonchi daily. Kalata ya ku office ija muli nayo?”

Ndinaitulutsa pa mfundo ya chitenje, pamene inakhala masabata atatu. Anaitenga, anaiika m'thumba la diresi, anati akaionetsa okha kwa abwana alendo akapita. Ananyamula mbale n'kutuluka, koma pakhomo anabwerera, anachotsamo awiri n'kundiikira patebulo.

Limodzi ndinapatsa a Fabiano. Anadya osathokoza, anangoti shuga wachepa. Linalo ndinalikulunga m'pepala n'kutsika nalo chitunda masana.

Amayi ndinawapeza atakhala pa mtolo wa mabulangete, atavala kale nsapato. Ndinawaika chija m'manja. Anachitembenuza, anachiyeza, anachifinya pang'ono, n'kung'ung'udza m'Chilomwe monga amachitira akakhumudwa.

“Mwana wanga, akubera ufa. Umu muli mphepo yokhayokha.”

“Idyani, mayi,” ndinatero. “Mphepo yomweyo ndi imene yatisiyira nyumba.”

Anayamba kuvula nsapato. Ine ndinakoka mtolo wa mapoto n'kuyamba kulimbana ndi mfundo yake, imene amayi anaimanga molimba kwambiri.