Mawu a Mpondadziko

Chichitikireni maliro, Mayi Eneles sankafunanso wailesi kapena nyimbo za kwaya. Ankafuna makatuni basi. Ankakhala pasofa, foni ili kukhutu, n'kumamvera malemu mwana wawo Lenox akuyankhula m'kamwa mwa msilikali wa mumlengalenga.

Amene anayambitsa ntchitoyi ndi mng'ono wake wa Lenox, Denzel, atasiya koleji n'kusowa chochita m'nyumba. Ankatenga katuni yachingerezi, kuichotsa mawu, n'kuikamo Chichewa. Nkhalamba zoyankhula Chichewa za ku Highfield, zimene adzukulu awo ankaziyankha m'Chishona chokhachokha, zinkatumizirana magawo ake pafoni ngati ndiwo zamasamba. Denzel ankayankhulira timaloboti, akazi ndi agalu. Lenox, amene ankagwira ntchito kufakitale ku Willowvale ndipo anali ndi mawu onga ng'oma, ankayankhulira msilikali wamkulu, mlonda wa mzinda wolendewera pakati pa nyenyezi. Anamutcha Mpondadziko.

Situdiyo yawo inali wadiropu ya malemu bambo awo. Ankaipachika mabulangete akale mkati kuti phokoso la makombi, maminibasi a pamsika wa Machipisa, lisalowe. Woyankhula ankadzipinda m'menemo, winayo n'kutsamira chitseko kunja, mahedifoni ali m'makutu.

"Nanga gawo lomaliza?" anafunsa Mayi Eneles Lachitatu lina m'mawa, akusita bulauzi yawo ya Mvano. "Lenox anandiuza kuti mujambula."

"Silinakonzedwe, amayi."

"Likonze. Anzanga abwera mawa kudzandiona. Ndikufuna amve mmene mwana wanga anathera nkhani yake."

Denzel analowa kuchipinda n'kutsegula laputopu. Gawolo analisiya osalikhudza chijambulireni. M'gawo limeneli, Mpondadziko, amene anateteza mzindawo moyo wake wonse, amatembenukira anthu ake. Adani amulonjeza kuti adzaukitsa mwana wake wakufa, ndipo iye amatseka mapaipi a mpweya opita kwa osauka okhala kunsi kwa mzinda.

Denzel anavala mahedifoni. Mawu a Lenox anatuluka, koma sanali ng'oma ija. Anali okhakhala, othina, ndipo kumbuyo kwa liwu lililonse kunkamveka kamluzu.

"Mpweya ndi wanga. Wofuna kupuma agwade."

Kenaka m'mahedifonimo munamveka kugogoda kuchokera mkati mwa wadiropu.

"Mfana, tatsegula kaye. Ndipatse pampu yanga ya mphumu."

Ndiyeno mawu ake a Denzel, osangalala, oyera ngati a mwana wa kwaya.

"Aaa, achimwene, musawononge zinthu! Mawu amenewo ndi amene ndimasaka. Mukapopa atha. Bwerezani."

"Iwe ndiwe mfiti." Lenox ankaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

"Mfiti ndinu lero. Bwerezani!"

Ndipo Lenox anabwereza. Anabwerezanso. Mphumu anali nayo chibadwire, ndipo m'nyumbamo anali ataizolowera ngati denga lodontha. Denzel ankaimva bwinobwino m'mahedifoni masana amenewo, mpweya uliwonse ukukwera movutika pakati pa fumbi la mabulangete, ndipo chimene ankaganiza n'chakuti nkhalamba za ku Highfield zidzanjenjemera. Msana wake unali pachitseko. Pamene anatsegula, pampu inali itachedwa. Anafika kuchipatala Lenox milomo itasintha mtundu. Amayi awo anali kumsonkhano wa Mvano, ndipo anauzidwa kuti mphumu inangomuyamba mwadzidzidzi.

Pagalasi la laputopu, mawu ankaoneka ngati timapiri. A Lenox anali aafupi, ophwanyikaphwanyika. Ake anali aatali, onyada. Denzel ankadziwa kuti amayi ake akamva timapiri tataliti, adzakhala ataika m'manda ana onse awiri, ngakhale mmodzi azidyabe m'mbale zawo. Ankadziwanso kuti ndi umboni wokhawo umene unalipo.

Kudula mawu ankakutha kuposa china chilichonse. Anadula kugogoda. Anadula pampu. Anadula "mfiti", ngakhale kunali kuseka komaliza kwa mkulu wake, chifukwa kunalumikizana ndi mawu ake omwe. Pomaliza anasankha pakati pa maulendo onse amene Lenox anabwereza, ndipo dzanja lake, losachita manyazi, linatenga womaliza. Unalidi wabwino koposa. Anaika nyimbo ya ng'oma pansi pake, n'kuyanjanitsa liwu lililonse ndi milomo ya msilikali.

Mawa lake pabalaza panadzaza. Amayi a Mvano anakhala pasofa ndi pamkeka, makapu a tiyi ali m'manja. Denzel anaika laputopu pampando n'kukaima pakhomo la khitchini.

Pamene Mpondadziko anagwira chitsulo chotsekera mpweya, Mayi Tionenji, amene ankagulitsa tomato pa Machipisa, anawomba m'manja mwaukali.

"Iwe! Usatero! Si iwe unkanyamula ana pamsana?"

"Satana sapita kwa chidakwa," anatero mayi wina. "Amapita kwa mkulu wa mpingo."

Ndiye Lenox anayankhula. "Mpweya ndi wanga. Wofuna kupuma agwade."

Mayi Tionenji anaika kapu pansi n'kudzisisita mikono.

"Mayi Eneles, munali ndi mwana. Tamvani mmene wasinthira mawu! Ngati munthu winawina. Ine thupi lonse lachita tsemwe."

Mayi Eneles anali atasendera kutsogolo, mutu utapendekera mbali imodzi, monga ankachitira kale ataima pakhomo la chipinda cha anyamata nyengo yozizira, kumvetsera chifuwa cha Lenox. Denzel anawaona. Ng'oma zija sizinabise kamluzu konse.

"Denzel."

"Amayi."

"Kupuma kumeneku... ankachita dala?"

Amayi onse anatembenukira kukhomo la khitchini. Ankamuyang'ana mokoma mtima, monga amayang'anira mwana wotsala. Kunena zoona kukanakhala kosavuta. Mawu osadulidwa anali akadali m'laputopu momwemo, pafupi kwambiri moti chala chimodzi chikanawatsegula.

"Eya, amayi," anatero. "Ankachita dala."

Mayi Eneles anamuyang'ana nthawi yaitali. Denzel sanathe kudziwa ngati amukhulupirira kapena asankha kusunga mwana amene wawatsalira. Kenaka anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumwetulira anzawo.

"Anali katswiri, mwana wanga," anatero. "Utumize kwa onse, anthu amve. Koma tabwereza kaye pamenepo."

Denzel anagwada pafupi ndi mpando n'kubweza chithunzi m'mbuyo. Lenox anakokanso mpweya.

"Bwerezanso," anatero amayi ake.

Anabwereza.