Dothi la m'Dimba la Mkamwini

Ine sindikhulupirira munthu wobwera ndi kope m'manja. Chaka cha napolo, mu 1991, madzi ndi miyala zitatsika ku Michesi n'kukokolola midzi, anabwera ambiri otere. Analemba mayina athu, mbuzi zimene zinapita, ngakhale makasu. Ena anatijambula titaima pamatope. Atakwera magalimoto awo sitinawaonenso. Matipate atayamba anafika ena ndi makope atsopano, koma mafunso omwewo. Sukulu ndinalekezera sitandade faivi, koma nkhope ya munthu wofuna kudyera pa ine ndimaidziwa.

N'chifukwa chake mu Okutobala wa 1998, mayi wina atatsika panjinga pakhomo panga, sindinatulutse ndi mpando womwe. Mkazi wanga Belita ndiye anayala mphasa.

"Ndine Ethel Goliati, ndachokera ku sukulu ya ukachenjede ku Zomba," anatero. "Ndikuyeza dothi la m'madimba a kuno kwa Mkhumba. Ndikufuna kudziwa ngati mankhwala amene anthu ankapopera thonje kalekale akadali m'nthaka."

"Ndiye kwa ine mukufunako chiyani?"

"Dothi pang'ono, bambo Makina. Lodzaza m'manja basi."

Kuno kwathu munthu sapempha dothi la m'munda mwa mnzake. Wotapa dothi ndi wokawa. Amakalithira m'munda mwake pamodzi ndi zitsamba zake, iwe n'kulima chaka chonse, zokolola n'kumakalowa m'nkhokwe ya iyeyo. Mayiyu anali ndi nsapato za ntchito ndi chipewa, koma ndinati mumtima, wokawa savala yunifolomu.

Ndipo ine ndinali kale ndi wokawa wanga amene ndinkamuganizira. Dimba lathu ndi la kwawo kwa Belita. Mwana wathu Mervis atakwatiwa ndi Fraser tinawadulira chigawo cha kumunsi, kumene napolo anasiya mchenga ndi matope ofika m'chiuno. Ife tinatsala ndi la kumtunda. Kuyambira pamenepo chimanga changa chiswe chinkagwetsa, matimati anga mphutsi zinkadula m'tsinde. Koma kwa Fraser, mapazi makumi awiri okha kuchokera pamalire, kunalibe chiswe, kunalibe mphutsi. Maungu ake ankakula ngati mitondo. Munthuyo sankapopera kanthu, ndinkamuona. Nanga mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?

Tsikulo Fraser ndi Mervis anali atapita kukagulitsa matimati ku Migowi. Ndinatsogola, mayi uja pambuyo. Ndinadutsa dimba langa osaliyang'ana n'komwe, n'kukaima pakati pa la Fraser.

"Langa ndi ili," ndinatero. Mumtima ndinkati, ngati ndi zokawa, akawe wokawa mnzake.

Anatulutsa chitsulo chachitali chopota, n'kuboola malo asanu. Dothilo anathira m'timapepala ta pulasitiki. Anatunganso madzi m'kachitsime ka m'dimbamo. Pa chilichonse analemba kuti nambala 14, dimba la a Makina. Kenaka anagwada, n'kufufuza dothi ndi zala.

"Dothi lonyowa chonchi, bwanji mulibe nyongolotsi ngakhale imodzi?"

"Kazifunseni nyongolotsizo."

Anaseka, n'kulemba m'kope. Potsanzika anati adzabwera ndi zotsatira.

"Onse amatero," ndinamuyankha.

Mvula inagwa, inatha, tinakolola nandolo woyamba. Za mayiyo ndinaiwala. Chimene chinali pamtima pathu ndi Mervis. Anali atapita padera kawiri, ndipo tsopano anali ndi pakati pa miyezi isanu. Belita ankamuyang'anira ngati dzira.

Mu Juni, dzuwa lili pamutu, njinga ija inaimanso pakhomo. Ndinadzuka pamene ndinkasema mpini. Pa anthu onse a makope amene ndawaona, uyu yekha ndiye anabweranso. Nthawi imeneyi mpando ndinatulutsa ndekha, ngakhale unali uja wothyoka mwendo.

Mervis anali pamphasa ndi mayi ake, akusenda chinangwa cha makaka. Fraser anakhala patali pang'ono pamwala, monga achitira mkamwini. Mayi Ethel anatulutsa kabuku ka mapepala oyera ka Chingerezi, kokhala ndi mapu, ndi pepala lina limodzi limene anatilembera m'Chichewa.

"Ndayeza madimba makumi anayi," anatero. "Ambiri muli mankhwala pang'ono, osaopsa kwenikweni. Koma nambala 14 ndi lina. Muli mankhwala akale aja, amene analetsedwa, ochuluka kwambiri. Amenewa saola msanga, amakhala m'nthaka zaka ndi zaka. Ndayeza kawiri, poopa kuti makina alakwitsa. Bambo, musadyenso maungu, nkhaka kapena mbatata za m'menemo. Madzi a m'kachitsime kaja musamwe. Makamaka ana ndi amayi oyembekezera, asayandikireko."

Belita anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Dimba lathu lija?"

Ine ndinabwezera maso pa mpini. Ndinaona kuti ndikhoza kungovomera, mlendo n'kupita, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwa mkamwini ndikananenanji? Kuti ndinapereka dothi lake kwa munthu amene ndinkamuyesa mfiti? Munthu wa imvi ngati ine?

"Musadandaule, bambo," anatero Mervis. "Muzidzatenga masamba ndi maungu kwathu kumunsi. Lathu lija ndi labwino, ngakhale chiswe chimaliopa."

Akunena zimenezo anamasula mfundo ya pakona pa chitenje, n'kutulutsa kachibuma ka dothi lotuwa, lija amadya amayi apakati. Analuma.

"Limenelo mumakumba kuti, achemwali?" anafunsa mayi Ethel.

"M'khoma la kachitsime ka m'dimba mwathu. Ndi lokoma, lopanda mchenga."

Sindikudziwa mmene ndinadzukira ndi mawondo angawa. Ndinangopezeka ndamumenya padzanja, kachibuma kaja n'kugwera kutali.

"Lavula! Iwe Mervis, lavula msanga!"

"Bambo a Mervis, mwapenga?" anakuwa Belita.

"Nambala 14 si langa," ndinatero. "Ndi la kumunsi. Mayiwa ndinawalozera dimba la a Fraser."

Mervis analavula, n'kutsuka m'kamwa ndi madzi a m'beseni. Kenaka Belita anayamba.

"Nkhalamba yopanda manyazi! Munati akawe mwana wanu yemwe? Mwana amene ndinabereka ine? Zaka makumi atatu mukudya za m'dimba la amayi anga, lero mukusewera nalo ngati bawo!"

Panalibe bodza pa zimene ananena.

Fraser anavula chipewa, n'kumachitembenuza m'manja. "Ndiye zaka zonsezi, bambo, munkati ine ndimakawa?"

"Ndinkatero."

"Ine ndinkati ndi mapemphero a mwana wanuyu." Anayang'ana mkazi wake. "Maungu aja ndinkamusankhira aakulu okhaokha."

Mayi Ethel anatseka kabuku kaja pang'onopang'ono. Nkhope inali itauma. Ndinadikira kuti andilalatire, ndipo zikanandiyenera.

"Zolemba izi ndawerenga kale pamaso pa anzanga a ntchito," anatero. "Mapu awa akuloza dimba lolakwika. Ndiyenera kukawauza kuti ndinalakwitsa."

"Simunalakwitse inu, mayi. Ndinanama ndine."

"Ndinalakwitsa. Ndinafunsa munthu mmodzi yekha, wokwiyanso." Apo anamwetulira pang'ono. "Koma mukanakhala chete lero, kabuku kanga kakananama mpaka kalekale, ndipo achemwaliwa akanapitiriza kudya dothi lija. Tiyeni, chitsulo changa chili panjinga. Lero mayiwa ndiwo andilozere malire."

Tinatsika tonse, Belita patsogolo akung'ung'udzabe. Mayi Ethel anatapa dothi kumtunda ndi kumunsi. Kumunsiko anaboola malo ambiri, mzere ndi mzere, kuti apeze pamene mankhwala akuchokera. Asanachoke analembera Mervis kalata yoti akaonetse kuchipatala ku Boma. Belita anamufunsa ngati dothilo ndilo linachotsa mimba ziwiri zija.

"Zimenezo sindinayeze, mayi, ndiye sindinganene," anayankha. "Chimene ndikudziwa ndi chakuti asadyenso za m'menemo."

Mawu amenewo ndiwo anandigonjetsa. Andale, asing'anga, ogulitsa mbewu, aliyense amadziwa zonse. Munthu wonena kuti apa sindikudziwa, ndinali ndisanamuonepo.

Patapita milungu isanu ndi umodzi mayi Ethel anabweranso kachitatu, ndi amuna awiri a zaumoyo ovala magolovesi. Anatiuza kuti dimba la kumtunda lilibe vuto. Kumunsi analoza malo amodzi pafupi ndi kachitsime, n'kuti pakumbidwe. Atafika m'chiuno, fosholo inagunda chitsulo. Anatulutsa zigubu ziwiri zadzimbiri, zobooka m'mimba. Fungo lake ndinalizindikira ndisanazione bwino. Ndili mnyamata ndinkapopera thonje ndi pampu kumsana, ndipo zigubu zotere zinkasungidwa m'shedi yakale kumtunda kwa mtsinje. Shediyo napolo anaitenga. Tonse tinkati zigubuzo zinapita ku nyanja ya Chilwa, osadziwa kuti zinagona pansi pa maungu a mwana wanga. Ndiwo anali mankhwala a Fraser amenewo. Chiswe chinali ndi nzeru kuposa ine.

Zigubu anazitenga, kachitsime anakakwirira. Mayi Ethel anati kumunsiko tibzale mitengo ya milimo, osati chakudya.

M'mawa mwake ndinatenga chingwe ndi zikhomo, n'kuitana Fraser. Dimba la kumtunda ndinalidula pakati. Belita anaima pachulu manja m'chiuno, kuonetsetsa kuti chingwe chisakhotere kwa ine.

"Sankhani, a Fraser."

"Sankhani ndinu, bambo. Ndingasankhe ine, mudzati ndakawa ndi chingwe chomwe."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinapezeka ndikuseka.

Mervis anachira mu Okutobala, mwana wamkazi, wolira ngati mbuzi. Anamutcha Atikonda. Sindinganene kuti anamupulumutsa ndi mayi Ethel, chifukwa mwini wake anakana kunena zimene sanayeze. Koma ndikamunyamula mwanayo ndimakumbukira njinga ija ikutsika kunjira kachiwiri, mu fumbi la Juni. Akanatha kungolemba kabuku kake, kulandira ulemu wake ku Zomba, osabweranso kwa nkhalamba imene sinamupatse ndi mpando. Palibe akanamufunsa.

Chaka chotsatira kabuku kokonzedwa kanabwera kudzera kwa alangizi. Chingerezi chake n'cholimba, ine sindichimva. Koma nambala 14 ndinaipeza, kadontho kake katasunthira kumunsi kwa mapu. Kumapeto, pamene amathokoza anthu, pali dzina langa. Mervis anandiwerengera. Akuti akuthokoza bambo G. Makina chifukwa chokonza cholakwa. Sanalembe kuti cholakwacho anachiyambitsa ndani. Kabukuko ndimakasunga m'sutukesi, pamodzi ndi chiphaso cha ukwati.

Anthu a makope sindinayambe kuwakhulupirira, musandimve molakwa. Ndimakhulupirira mmodzi.

Masiku ano chiswe chimagwetsa chimanga cha Fraser ngati changa chomwe, ndipo timatukwana chiswecho limodzi, aliyense kumbali yake ya chingwe. Dzulo tikupanga mabedi a matimati, khasu lake linatembenuza nyongolotsi yonenepa ngati chala. Anaitola, n'kundionetsa.

"Bambo, iyi ndi yanu kapena yanga? Yachokera pamalire penipeni."

"Ibwezereni pansi, a Fraser," ndinatero. "Mwana akayamba kukwawa adzadya dothi lomweli. Isiyeni itilondere."