Zitseko za Kuseri kwa Sukulu

Matenda a Chisamba anabwereranso mayeso omaliza atayandikira. Mtsikanayo ankamva kuwotcha pokodza, m'munsi mwa mimba mukupweteka, thupi lili moto. Mayi ake, omwe ndi telala, anasiya diresi ya kasitomala pamakina n'kuthamangira naye kuchipatala. Mankhwala a ulendo wathawu mwanayo anamwa onse. Nanga matendawa ankachokera kuti?

Namwino atayeza mkodzo anakokera mpando pafupi ndi mwanayo.

"Kusukulu umamwa madzi?"

Chisamba anapukusa mutu.

"Nanga ukafuna kutaya madzi umatani?"

"Ndimadikira mpaka tiweruke," anayankha motsitsa mawu. "Zimbudzi zathu zilibe zitseko. Anyamata amadutsa pomwepo popita kumpira, ndiye amatiseka."

Namwino anatembenukira kwa mayiwo. "Mayi, mwana akamasunga mkodzo tsiku lonse, madzinso osamwa, tizilombo timachulukana m'chikhodzodzo. Mankhwala ndikupatsani, koma akapitiriza chonchi mubweranso. Matendawa akalekereredwa amatha kukwera mpaka ku impso."

Mayi a Chisamba analandira mankhwala n'kunyamuka ndi mwanayo. Atafika kunyumba anapeza amuna awo ali pashedi, akuwotcherera geti la munthu, ndipo anawafotokozera zonse.

"Zimenezo n'za boma," anatero bambowo akukweza magalasi awo akuda pamphumi. "Sukulu si yanga ine."

Anali mawu awo a nthawi zonse. Gulu la makolo ongodzipereka likabwera kudzawaitana ku ntchito ya Loweruka, iwo ankaseka n'kumati bambo wandevu sangakathirire maluwa. Koma tsiku limenelo Chisamba anayankhira pakhomo pomwe anatsamira.

"Ababa, ngati zili choncho bola ndizingokhala pakhomo. Ndatopa n'kudwala."

Bambowo anazimitsa makina. Mwana ameneyu ndi uja ankalira akamuletsa kupita kusukulu tsiku la mvula. Mantha anawagwira makolo onse awiri, chifukwa anaona kuti atha kutaya zonse, thanzi la mwana ndi sukulu yomwe.

Mayi a Chisamba sanadikire. Anapita kwa neba wawo wogulitsa masamba, yemwe ndi wapampando wa gulu la makolo lija. Apampando anamvetsera atagwira pakamwa.

"Achemwali, mukunena zoona? Ife Loweruka lililonse timakhala komweko. Tinapenta makalasi, tinadzala mitengo, maluwa ali mbwee pageti."

"Nanga kuseri munafikako?"

Apampando anapukusa mutu. "Ayi ndithu. Takhala tikukongoletsa komwe timadutsa akuluakulufe. Anawo sitinawafunsepo. Safunsa anadya phula."

M'mawa mwake awiriwo anakaonana ndi ahedi, ndipo onse anazungulira kuseri kwa makalasi. Udzu unali wolekeza m'chiuno. Pamakomo a zimbudzi za atsikana panangotsala mahinjesi adzimbiri. Mpopi wosambira m'manja unali wothyoka, ndipo kanjira ka kubwalo la mpira kanadutsa kutsogolo kwenikweni kwa makomowo. Mayi a Chisamba anaona kamtsikana kena kataima patali kakupondaponda, kudikira kuti anyamata adutse. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Nkhaniyi tinakaitula ku ofesi ya maphunziro," anatero ahedi. "Anati adzamanga zatsopano, koma sitikudziwa kuti ndi liti."

"Tipitiriza kuwakumbutsa limodzi, chifukwa ndi udindo wawo," anayankha apampando. "Koma chikhodzodzo cha mwana sichingadikire ofesi. Mutilola tikonze zomwe tingathe?"

Ahedi anavomera. Asanagwire chilichonse, amayi a m'gululo anakhala pansi ndi atsikana, pali mphunzitsi wamkazi yekha. Poyamba anawo ankangoyang'ana zala zawo. Mmodzi atayamba, onse anamasuka. Ankafuna zitseko zokhoma mkati, madzi, ndi potaya zogwiritsa ntchito akakhala kumwezi. Zinadziwikanso kuti Chisamba sanali yekha. Ena ankathawa masana, ena ankajomba sabata yathunthu mwezi uliwonse.

Loweruka mayi a Chisamba analawirira kusukulu ndi chikwanje, koma mtima sunali m'malo. Amuna awo anali asananene kuti abwera kapena ayi, ndipo wowotcherera wina m'gululo munalibe. Popanda mafelemu achitsulo, zitseko zomwe kalipentala wa m'gululo anakhoma zikanakhala matabwa chabe. Dzuwa linakwera, udzu unatha, mayiwo akungoyang'ana kugeti.

Kenako kunamveka kulira kwa wilibala. Anali bambo a Chisamba, akukankha makina awo ndi zitsulo zotsala pashedi.

"Takulandirani, bambo wandevu!" anafuula apampando. "Maluwa ali uko!"

"Ndisiyeni, mayi, ndionetseni kolumikiza magetsi," anayankha akumwetulira mwamanyazi.

Ntchito inayenda. Kalipentala anakoloweka zitseko, pulambala anakonza mpopi, ena anamanga mpanda n'kulambula kanjira katsopano ka kumpira kodutsa kutali. Zimbudzi za anyamata anaziona okha kuti nazonso n'zoonongeka, ndipo anagwirizana kuti sabata yotsatira ntchito ikhale kumeneko. Anasankhanso makolo awiri, mayi ndi bambo, oti mwezi uliwonse aziyendera sukulu yonse ndi kumva kwa ana.

Chisamba anamaliza mankhwala ake n'kubwerera m'kalasi. Mayi ake ankamuyang'anitsitsa tsiku lililonse akaweruka, kuopa kuti amva zoti kwayambanso kuwotcha. Mwezi unatha ali bwinobwino, ndipo mayeso analemba onse. Tsiku lina akuvula nsapato anaitana bambo ake pashedi.

"Ababa, loko wa chitseko chakumapeto akugwedera. Anzanga akuti ndikuuzeni."

"Auze kuti mawa ndibwera," anatero bambowo.

Makolo, sukulu ndi yathu chifukwa ana ali mmenemo ndi athu. Tilowe m'magulu a makolo, aliyense ndi luso lake. Tikapita kusukulu tisathere pageti. Tizungulire mpaka kuseri, ndipo tiwafunse ana zomwe zikuwasowetsa mtendere, chifukwa zina amachita nazo manyazi kutiuza mpaka adwale.