Magazi kaye, dripi pambuyo

Zala zanga zinayambanso kutupa, chonsecho dripi ya mankhwala a nyamakazi sindinaphonyepo. Ine telala, ndinafika polephera ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Nsalu za eni ake zinangounjikana pa makina.

Adokotala anati mwina thupi langa layamba kupanga asilikali olimbana ndi mankhwalawo, choncho ndiyezetse magazi. Zotsatira zinabwera zonena kuti asilikali oterowo mulibe.

"Mwaonatu," anatero apongozi anga akupukuta makapu. "Makina a kuchipatala sanama. Matenda enawa amangobwera ntchito ikachuluka."

Amuna anga sanandiikire kumbuyo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zala. Ndinatopa nawo ululu, ndinatopa nawo mabenchi a kuchipatala, tsopano ndizitopanso ndi kulumbira m'nyumba mwanga momwe kuti ndikumvadi kuwawa?

Titapitanso, adokotala anagwiragwira zala zanga, n'kupukusa mutu.

"Mayi, magazi aja anakutengani musanalandire dripi kapena mutalandira?"

"Atalandira," amuna anga anayankha msangamsanga. "Ku labu m'mawa kumakhala mzere wosatha, ndiye ndinati tiyambe dripi, magazi pomaliza."

"Vuto likhoza kukhala pamenepo, bambo, ndipo nafenso tinayenera kukufotokozerani bwino. Mankhwala akachuluka m'magazi amagwirana ndi asilikali aja, ndiye poyeza saoneka. Zotsatira zimati mulibe, pomwe alimo. Magazi timatenga dripi isanalowe, mankhwala akale atachepa m'thupi."

Amuna anga anayang'ana pansi. Tsiku la dripi yotsatira anaima okha pa mzere wa ku labu kundisungira malo, osadandaula ngakhale kamodzi. Ulendo uno asilikali aja anapezeka, ambirinso. Adokotala anandisinthira mankhwala, ndipo pang'onopang'ono zala zinaphwa.

Apongozi sanapepese, si khalidwe lawo. Anangobwera ndi nsalu yawo n'kuiika pa makina.

"Mukapeza mpata, mwanawe. Musadzikakamize."

Anzanga, kuyeza magazi kumathandiza, koma nthawi yotengera magaziwo ikalakwika, zotsatiranso zimalakwika. Funsani kuti akutengeni liti, ndipo nenani tsiku limene munalandira mankhwala komaliza. Zotsatira zikasemphana ndi zimene thupi likumva, bwererani kwa adokotala, musasiye mankhwala panokha. Ndipo wodwala wanu akati akumva kuwawa, mukhulupirireni. Ine zala zinkatupa pamaso pa aliyense, koma a m'nyumba mwanga anadikira makina kuti awauze.